Sikelo ya Maganizo: Anaipima pa Ndani?

Pali pepala lina la mafunso 9 limene lafika ponseponse masiku ano. Mukalemba liu lakuti depression pa foni, silicedwa kutulukira. Lili m'makiliniki ena, ndipo mabungwe amene amayenda m'makomboni ndi nkhani za umoyo wa maganizo amalinyamula m'mafayilo ao. Dzina lake ndi PHQ-9. Limafunsa za masabata awiri apitawa: tulo, cilakolako ca cakudya, mphamvu za m'thupi, cisoni, kudziona ngati wolephera, ndi maganizo ofuna kufa. Funso lililonse lili ndi mapointi kuyambira 0 mpaka 3, onse pamodzi amafika 27. Ukafika pa 10, akuti pali vuto lofunika kuliona.

Ine ndili pa mkangano ndi magulu awiri a anthu pa nkhani ya pepala limeneli. Gulu loyamba ndi la aja amene amakhulupirira nambala ija ngati uthenga wocokera kumwamba: yanena 14, basi munthu uyu ndi wodwala, yanena 6, pita kunyumba ulibe vuto. Gulu laciwiri ndi la aja amene akangomva kuti pepalali linacokera ku America amaseka n'kumati depression ndi matenda a azungu, ife akuda timangolimba mtima. Onse awiri akulakwa, ndipo wolipira kulakwa kwao ndi mnyamata kapena mtsikana amene watha miyezi itatu osagona bwino m'kacipinda ka lendi ku Kanyama kapena ku Chawama.

Mfundo yanga ndi imodzi. Pepala la mafunso ndi sikelo, ndipo sikelo iyenera kupimidwa pa anthu amene idzawapima. Sikelo ya ku buchala ndi pampu ya mafuta zimayenderedwa ndi a Zambia Metrology Agency kuti aone ngati kilo ndi kilo, lita ndi lita. Palibe amene amati titaye masikelo onse cifukwa anapangidwa kunja, komanso palibe wanzeru amene amagula nyama pa sikelo imene siinayesedwepo. Ngati timasamala conco pa theka la kilo ya nyama, nanga pa mutu wa munthu bwanji?

Cilungamo ca funso

PHQ-9 anailemba akatswiri a ku America, Robert Spitzer, Kurt Kroenke ndi Janet Williams, ndipo zotsatira za kuiyesa zinatuluka mu 2001. Anaiyesa pa odwala 6,000 a m'makiliniki a m'dzikomo. Siinali yoyamba. Aaron Beck wa ku Philadelphia anatulutsa mafunso ake 21 mu 1961. Mu 1977 kunabwera CES-D ya mafunso 20, ndipo mu 2000 Robert Hirschfeld ndi anzake anatulutsa Mood Disorder Questionnaire, mafunso 13 a inde kapena iai, ofufuzira matenda a bipolar, aja amene munthu nthawi zina amakwera m'mwamba osagona, osatopa, kulankhula kosalekeza, nthawi zina n'kugwera m'dzenje la cisoni. Onsewa analembedwa m'Cizungu, m'dziko limodzi.

Kodi tikati pepala lotere ndi lacilungamo timatanthauza ciani? Tanthauzo lake n'losavuta. Anthu awiri amene asenza katundu wofanana mumtima ayenera kupeza nambala yofanana, kaya wina ndi wakuda wina ndi mzungu. Ife aphunzitsi timaidziwa nkhani imeneyi pa mayeso. Ndikalemba funso la masamu lonena za masewera a cricket, mwana wa ku sukulu ya olemera adzapambana ndipo wa ku komboni adzalephera, ngakhale onse amadziwa kuculukitsa mofanana. Funsolo lapima cricket. Ndikasintha n'kufunsa za cenji ya kondakitala pa basi yocoka ku Matero kupita m'tauni, zinthu zitembenuka. Funso limene likupima cinthu cina pambali pa cimene linalembedwera ndi funso lokondera, ngakhale wolembayo analibe mtima woipa.

Zimenezi zinaonekera pa CES-D. Pa mafunso ake 20, awiri amafunsa ngati anthu anali osacezeka kwa iwe, ndiponso ngati unaona kuti anthu sakukonda. Kafukufuku amene anatuluka mu 2000, wa okalamba a mumzinda wa New Haven, anapeza kuti anthu akuda anali kuvomera mafunso awiriwa kwambiri kuposa azungu amene anali pa mlingo wofanana wa cisoni. Cifukwa cake sicifuna digiri. Nkhalamba yakuda imene inakula m'nthawi ya tsankho, imene mlonda wa m'sitolo amailondola kumbuyo mpaka lero, ikanena kuti anthu sanaicezere bwino ikunena zimene zinacitika. Pepalalo linalemba tsankho la anthu ena ngati matenda a mwiniwake.

Sindifuna kukubisirani mbali inayo, cifukwa amene amabisa umboni wa mdani wake amakhala kuti alibe mlandu wolimba. PHQ-9 yayesedwa kangapo pa mitundu yosiyanasiyana ya ku America, kuphatikizapo kafukufuku wa 2006 wa odwala opitirira 5,000, akuda, azungu, ocokera ku China ndi a Cilatino, ndipo kawirikawiri yapezeka kuti imagwira nchito mofanana ndithu. Amene amati mapepala onsewa ndi cida ca tsankho sanawerenge. Koma onani malire a umboniwu. Kuyesa kotere kumaona ngati mafunso amene alipo akuyenda mofanana pa magulu onse. Sikungakuuzeni za funso limene palibe. Ngati anthu ena cisoni cao cimatulukira m'mkwiyo, m'mutu wosatha, m'mtima wothamanga kapena m'kuganiza kosalekeza, ndipo pepala silifunsa zimenezo, masamu ake adzaoneka aukhondo pamene anthuwo akudutsa pansi pa ukonde.

Ku America komweko kuli cinthu cimene cawazunguza akatswiri kwa zaka zambiri. David Williams ndi anzake anafalitsa mu 2007 zotsatira za kufunsa anthu m'dziko lonselo. Pa azungu 100 alionse, pafupifupi 18 anapezeka kuti anadwalapo depression pa moyo wao. Pa akuda obadwira komweko anali 10 cabe, pa akuda ocokera ku zisumbu za Caribbean anali 13. Koma pa odwalawo, matenda anali okhalitsa kwa akuda oposa theka, pamene kwa azungu anali osakwana 4 pa 10 alionse. Anthu amene umphawi, ndende ndi imfa za msanga zimawagwera kwambiri akuoneka ocepa pa ciwerengero, koma opezekawo ndi odwala kwambiri. Ena amati chalichi ndi cibale zimawateteza, ndipo mwina muli coona. Koma msodzi akamangogwira nsomba zikuluzikulu zokhazokha, asanalengeze kuti m'madzimo mulibe zing'onozing'ono ayambe wayang'ana maso a ukonde wake.

Mau amene tinabwereka kwa atsamunda

Tsopano ndibwere kwa inu anzanga a gulu laciwiri, inu amene mumati zimenezi n'za azungu. Mumalankhula ngati mukuteteza cikhalidwe cathu, koma mau amenewo ali ndi mwini wake, ndipo sanali gogo wanu. J.C. Carothers anali dokotala woyang'anira cipatala ca Mathari ku Nairobi m'nthawi ya atsamunda. Mu 1951 analemba kuti munthu wa mu Africa amafanana ndi mzungu amene anadulidwa mbali ya kutsogolo ya ubongo. Mu 1953 bungwe la WHO linasindikiza buku lake lonena za maganizo a anthu a mu Africa, ndipo ciphunzitso cake cinali cakuti depression siipezekapezeka mwa ife cifukwa tilibe mtima wodziimba mlandu kapena woganizira za mawa. Ndi yemweyo amene boma la atsamunda linamuitana mu 1954 kuti afotokoze Mau Mau ngati vuto la m'mutu, osati nkhani ya minda yolandidwa. Kunena kuti munthu wakuda sadwala cisoni kunali kofunika kwa iwo, cifukwa munthu amene samva kuwawa ungamulande ciliconse osasowa tulo.

Bodzali linagwetsedwa ndi umboni. Thomas Adeoye Lambo wa ku Nigeria, amene anayamba kusamalira odwala m'midzi ya Aro pafupi ndi Abeokuta mu 1954, ndipo pambuyo pake anakhala waciwiri kwa mkulu wa WHO, anatsutsa maganizo a Carothers poyera. Margaret Field, amene anakhala pa malo a mizimu ku Ghana kumvetsera anthu obwera kudzapempha thandizo, analemba mu 1960 kuti akazi ambiri obwera kudzadziulula kuti ndi mfiti anali odwala depression. Cipatala sicinali kuwaona cifukwa sanali kupita ku cipatala. Mu 1979 John Orley ndi John Wing anafalitsa zimene anapeza m'midzi iwiri ya ku Uganda: matendawa analipo, ndipo anali oculuka kuposa pa anthu a ku London amene anawayerekeza nao. Conco mukauza mng'ono wanu kuti aleke za cizungu, adzuke akasambe, dziwani kuti mukubwereza phunziro la Carothers, mwangolimasulira m'Cinyanja.

Khutu la wofunsa

Palinso cina cimene otaya mapepala saganizira. Pepala likacoka, cotsala ndi maso ndi makutu a munthu wovala koti yoyera, ndipo mbiri ya maso amenewo si yokoma. Mu 1851 dokotala wina wa ku Louisiana, Samuel Cartwright, anacha kuthawa kwa akapolo matenda, n'kuwapatsa dzina lakuti drapetomania. Mu 1968, pamene anthu akuda a ku America anali m'misewu kumenyera ufulu wao, madokotala awiri, Walter Bromberg ndi Franck Simon, analemba za misala imene anaicha protest psychosis, misala ya kutsutsa. Jonathan Metzl atafufuza mafayilo a cipatala ca Ionia ku Michigan anaonetsa mmene dzina lakuti schizophrenia, limene kale linali kupatsidwa kwambiri kwa akazi acizungu ofatsa, linasamukira pa amuna akuda a ku Detroit amene anali kuoneka aukali.

Zimenezi sizinathe. Mpaka lero munthu wakuda ku America amalembedwa schizophrenia kawirikawiri kuposa mzungu, ndipo ku England ciwerengero ca akuda otsekeredwa m'zipatala za maganizo mwalamulo cimaposa ca azungu katatu ndi kupitirira, poyerekeza ndi kuculuka kwao. Mu 2019 akatswiri a ku yunivesite ya Rutgers anaona mafayilo a odwala 1,657 pa kiliniki ina. Pa anthu amene anali atalembedwa schizophrenia, akuda ndiwo anali kupezeka kwambiri ndi zizindikiro za depression yaikulu pa PHQ-9 kuposa azungu. Pepala linamva cisoni cimene dokotala sanacimve. Kulakwitsa kotere kuli ndi mtengo wake: mankhwala amphamvu amene munthu sanafunikire, cisoni cosathandizidwa, ndi dzina la misala limene silicoka msanga.

Apa ndiye pepala la mafunso limakhala bwenzi la munthu wakuda. Limafunsa aliyense mafunso amodzimodzi, silitopa pofika 15 koloko, siliopa mnyamata wamtali wa mau aakulu. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, anatero akale. Ndikana kulitaya cifukwa ca cimeneci. Koma kalumo ka mlendo umayamba wakayesa usanamete nako mwana.

Khungu si nambala

Ena akamva zonsezi amathamangira njira yacidule: tiyeni tiike nambala ya akuda payokha, ya azungu payokha. Njira imeneyi inayesedwa kale m'mbali zina za zacipatala, ndipo zipatso zake n'zowawa. Osewera mpira wa ku America a ligi ya NFL amene anavulala ubongo atayamba kulipidwa, mayeso a nzeru anali kuwerengedwa poganiza kuti wosewera wakuda anayamba kale ndi nzeru zocepa. Motero kunali kovuta kuti wakuda aoneke kuti watsika, ndipo ambiri anakanizidwa ndalama. Zimenezi zinalekedwa mu 2021. M'caka comweco mabungwe a madokotala a impso ku America anacotsa mtundu wa munthu m'masamu opimira impso, cifukwa masamuwo anali kuonetsa impso za akuda ngati zabwinopo, n'kuwacedwetsa kulandira thandizo. Kulemba khungu m'masamu ndi kukhomera tsankho ndi msomali.

Umboni wina uli pafupi ndi kwathu. PHQ-9 itayesedwa m'Cishona pa kiliniki ina ku Harare, nambala yoyenera kudulirapo inapezeka kuti ndi 11. Michael Udedi ndi anzake ataiyesa m'Cicewa pa odwala shuga ku Lilongwe, zotsatira za mu 2019 zinaonetsa 9. Ya ku America ndi 10. Anthu akuda a maiko awiri, onse oyandikana ndi ife, wina wakwera pamwamba pa nambala ya ku America wina watsika pansi. Nambala ya akuda ndi iti pamenepa? Palibe. Mnyamata wa ku Chicago ndi wa ku Chibolya amafanana khungu, koma salankhula cinenero cimodzi, sadya cimodzi, saopa zinthu zimodzi. Cimene cimapotoza sikelo ndi cinenero, umoyo wa tsiku ndi tsiku, matenda ena a m'thupi, ndi malo amene funso lafunsidwira.

Malo okha amasintha zambiri. Mood Disorder Questionnaire ija itayesedwa m'makiliniki a odwala maganizo inagwira odwala bipolar pafupifupi 73 pa 100 alionse. Itayesedwa pa anthu wamba a m'dziko lomwelo, m'cinenero comweco, inagwira 28 cabe. Ngati pepala likusintha khalidwe pongotuluka pa geti ya cipatala, kuli bwanji likaoloka nyanja n'kufika ku Mtendere?

Tengani mafunso a PHQ-9 muwabweretse m'komboni. Cizungu cimati munthu ali "down". Mukamasulira liu ndi liu, mufunsa munthu ngati ali pansi, ndipo iye adzayang'ana mpando umene wakhalapo. Funso lina limafunsa ngati ukulephera kuika maganizo pa zinthu monga kuwerenga nyuzipepala kapena kuonera TV. Mu 2024, cilala citaphwetsa Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. TV yake iti? Funso la cakudya limafuna kudziwa ngati cilakolako catha, koma mai amene wadya kamodzi kuti ana adye kawiri angavomere pa cifukwa cina. Kutopa kungakhale kucepa kwa magazi, malungo, TB, kapena kudzuka 04 koloko kukaoda tomato. Tulo tingasowe cifukwa ca nyimbo za pa bala ya pafupi. Ndiye pali mayankho anai aja: ngakhale tsiku limodzi, masiku angapo, kuposa theka la masiku, pafupifupi tsiku lililonse. Ndani amawerenga cisoni cake pa kalenda? Ndipo ngati nesi akuwerengera mafunsowo mokweza, apongozi ali pa benchi kuseri kwa katani, funso la 9 lonena za kufuna kufa yankho lake lidzakhala iai.

Pamene mafunso ena akulowetsa anthu osadwala, mau athu enieni ali panja. Timati ndikuganiza kwambiri, mtima wanga suli m'malo, mutu walema, thupi lonse lalefuka, ndangokhala. Munthu amene wanena zimenezi wanena zambiri, koma pa fomu palibe bokosi lake. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ena anacita kale, ife tikudikira ciani?

Wina adzati: aphunzitsi, mukulota. Madokotala a maganizo m'dziko muno ndi ocepa, ndalama palibe, kuli bwino pepala lopunduka kusiyana ndi kukhala opanda kanthu. Mfundoyi ndiilemekeza, koma tiyeni ticite masamu. Pa kuyesa kwa mu 2001, PHQ-9 pa nambala 10 inagwira odwala 88 pa 100, ndipo pa osadwala 100 inamasula 88. Tiyerekeze kuti pa acinyamata 100 odwala ndi 10. Pepala ligwira 9, mmodzi liphonya. Pa 90 osadwala, liloza pafupifupi 11 molakwa. Pa anthu 20 amene lawaloza, oposa theka si odwala, ndipo apa n'kuti pepala likugwira bwino ngati kwao. Mu 2020 akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri anapeza kuti PHQ-9 inaloza anthu pafupifupi 25 pa 100, pamene kufunsa mofatsa kwa akatswiri kunapeza 12. Ndiye mukamva bungwe likulengeza kuti theka la acinyamata a komboni yakuti ali ndi depression, funsani kuti anapima ndi ciani. Kumene madokotala ali ocepa ndi kumene sikelo yabodza imaononga kwambiri, cifukwa mzere umadzaza ndi osayenera pamene wodwala weniweni wabwezedwa.

Ndipo nchito yoyesa si yosatheka. Ku Harare, Vikram Patel ndi anzake anayamba ndi kumvetsera mau amene odwala, manesi ndi asing'anga amagwiritsa nchito, ndipo mu 1997 anatulutsa Shona Symptom Questionnaire ya mafunso 14. Muli funso la kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri kwathu kuja, muli maloto oipa, kupweteka m'mimba ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Mu 2013 buku lalikulu la madokotala a maganizo a ku America, DSM-5, linalemba kufungisisa m'ndandanda wake. Liu la m'komboni linalowa m'buku la ku Washington cifukwa eni ake analitenga ngati cinthu ca mtengo. Pa maziko amenewa Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu 2006, agogo ophunzitsidwa akukhala pa benchi kumvetsera anthu. Pa kuyesa kumene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, patapita miyezi 6, pafupifupi 14 pa 100 a ku benchi anali akali ndi zizindikiro za depression, pamene pa olandira thandizo la masiku onse anali 50.

Ku Rakai, m'dziko la Uganda, Paul Bolton ndi anzake anayambanso ndi maina a Ciganda a matenda a mtima wosweka asanapime munthu. Ku Malawi, Robert Stewart ndi anzake anayesa mafunso a WHO ochedwa SRQ m'Cicewa pa amai a ku Thyolo. Kuno kwathu Peter Chipimo ndi Knut Fylkesnes anayesa mafunso omwewo m'makiliniki a mu Lusaka, zotsatira zinatuluka mu 2010. Njira ilipo, mapazi akuoneka. Koma kuyesa kumodzi sikukwanira dziko la zinenero zazikulu 7. Ngakhale pepala la Cicewa ca ku Lilongwe silingangonyamulidwa n'kuikidwa pa tebulo ku Matero, kumene mwana amayamba ciganizo m'Cinyanja, n'kudutsa m'Cibemba, n'kumalizira m'Cizungu.

Mu 2019 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, kulowa m'malo mwa lamulo la atsamunda limene linali kucha odwala maina onyoza. Tinasintha mau a m'lamulo. Tsopano tiyang'ane mau a pa fomu. Zimene ndikupempha si zodula. Bungwe lililonse lobwera ndi mafunso m'sukulu, m'chalichi kapena m'komboni linene poyera kuti pepalalo lili m'cinenero canji, analimasulira ndani, analiyesa pa anthu ati, ndipo nambala yodulirapo anaitenga kuti. Asafunse funso la 9 ngati palibe munthu wokhala pansi ndi mwana amene wayankha inde. Pambali pa mafunso 9 aja pakhale funso la 10 lopanda mapointi: mwa mau anuanu, cikukuvutani n'ciani? Ophunzira a ku UNZA, ku Chainama ndi m'makoleji ena amene akusowa mutu wa kafukufuku, mutu ndi umenewu: yendani ku George, ku Garden ndi ku Kalingalinga, lembani mmene anthu amachulira kuwawa kwa mumtima, muyese mafunso pa iwo. Ndi nchito ya kope, bopeni ndi makutu.

Kwa iwe amene wayankha mafunsowa pa foni usiku, ena onse ali m'tulo, ndinene izi. Nambala imene wapeza si ciweruzo. Ikakwera, usadzipatse dzina la matenda kapena kuyamba kufunafuna mapilisi. Pita nayo kwa nesi, kwa dokotala, kwa aphunzitsi a uphungu, ukakambe. Ikatsika pamene iwe ukudziwa kuti zinthu sizili bwino, khulupirira mtima wako, upitebe, cifukwa pepalalo silinakufunse m'cinenero cako. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, usadikire nambala iliyonse: uza munthu lero, kapena imba 933 kapena 116, manambala aulere a Lifeline ndi Childline. Ndipo amene adzakuuza kuti zimenezi n'za azungu, mufunse ngati amamudziwa Carothers.